Menyu ya pa Ubuntu yapita kuti? Yankho kwa aphunzitsi a ku Katete

Aphunzitsi ena a sekondale ku Katete andilembera imelo. Akuti sukulu yawo idapatsidwa makompyuta akale okhala ndi Ubuntu, koma ana akusowa poyambira: pakona yakumunsi palibe menyu ya mapulogalamu ngati ya pa Windows, ndipo mu Firefox mzere wa File, Edit ndi View suoneka. Funso lawo ndi lakuti kodi makinawo ndi owonongeka, awanyamule kudzawakonzetsa kuno ku Chipata?

Aphunzitsi, ndalama za basi zisungeni. Makinawo ali bwinobwino. Chimene mukuona pa sikirini chimatchedwa GNOME, ndipo eni ake adachotsa dala menyu yakaleyo pamene adatulutsa GNOME 3 mu 2011. Ubuntu idayamba yatsata njira yakeyake ya Unity, kenako mu 2017, pa Ubuntu 17.10, idabwerera ku GNOME. Maganizo a eni GNOME ndi akuti munthu azilemba dzina la chimene akufuna, asamachisakesake m'mizere. Dinani batani la chizindikiro cha Windows pa kiyibodi, lembani "writer", muona LibreOffice Writer, pulogalamu yolembera, yatulukira. Mukadina batani lomwelo pamodzi ndi A, mapulogalamu onse adzaza sikirini.

Za Firefox n'zosavuta. Dinani Alt, mzerewo ubwera. Kuti ukhalitse, dinani batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu pafupi ndi ma tab, muchonge Menu Bar. Mapulogalamu a GNOME enieniwo, monga Files, alibiretu mzerewo. Zonse adaziunjika pa kabatani ka timizere titatu.

Koma kunena zoona, njira yolemba dzinayi imakomera amene akudziwa kale mayina. Mwana wochokera kumudzi amene akugwira mausi koyamba sadziwa kuti kuli pulogalamu yowerengetsera manambala yotchedwa Calc. Iye amafunika menyu yoti aziitsegula, aziona magulu, aphunzire mwa kuyang'ana. Apa ndiye sindigwirizana ndi a GNOME.

Menyu mungathe kuibweza. Ikani Extension Manager, pulogalamu yoikira zowonjezera pa GNOME, musakemo ArcMenu ndi Dash to Panel, sikirini ifanana ndi ya Windows. Pa laputopu yanu nokha chitani choncho. Koma mu labu ya sukulu sindikulimbikitsani, chifukwa GNOME imatulutsa mtundu watsopano kawiri pachaka, mu Marichi ndi Seputembala, ndipo tsiku limene mudzakweze Ubuntu, zowonjezerazi zina zimaleka kugwira ntchito mpaka eni ake atazikonza. Ndiye muziyenda makina ndi makina, ma bundle akutha, piriyodi ikupita.

Ine ndikanaika Linux Mint m'malo mwa Ubuntu. Menyu yake imabwera ili kale pakona yakumunsi kumanzere. Ngati makinawo ali ndi RAM ya 4 GB, tengani mtundu wa Mint wotchedwa Cinnamon. Ngati ndi 2 GB, mtundu wa Xfce ndiwo wopepukirapo. Fayilo yoikira Mint ndi pafupifupi 3 GB, mumaikopera kamodzi kokha pomwe pali intaneti yabwino, n'kuiika pa flash imodzi yozungulira nayo labu yonse. Musanaike, sungani kaye mafayilo a sukulu kwina.

Dziwaninso kuti ana adzaifufuta menyuyo, si kukayika. Pa Xfce mukadina kumanja pa kamzere kakumunsi, pitani pa Panel, kenako Add New Items, musankhe Whisker Menu, yabwerera. Ndipo ana muwatsegulire akaunti yawoyawo yopanda mphamvu za administrator, pasiwedi yaikulu ikhale ndi inu ndi ahedi basi.