Funsani Azakhali: Ndigule matewera ati?

Azakhali,
Ndili ndi pakati pa miyezi 7, ndipo mwanayu ndi woyamba. Ine ndi amuna anga tagwirizana kuti azidzavala matewera ochapa, osati otaya aja. Koma nditayamba kufunsafunsa, mutu wangoima. Pali akale aja opinda n'kumanga ndi phini, pali osokeratu a mabatani ooneka ngati kabudula, ndiye pali ena a thumba lolowetsamo kansalu. Alamu anga akuti a mabatani ndiwo abwino, amayi anga akuti kumeneko n'kutaya ndalama. Ndigule ati, nanga angati?
Woyembekezera

Mwananga,
Usanasankhe thewera, pita kaye ukaone chingwe chako choyanikira. Sindikuseka ayi. Khanda longobadwa kumene limasinthidwa ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku, usiku womwe, ndipo lililonse limene wamuvula lichapidwe, liume, libwerere pathupi pa mwana. Ine ndinazionera pa mdzukulu wanga woyamba. Amake anagula osokeratu 8, okongola zedi, a timaluwa ndi tinjovu, okhuthala ngati mtsamiro. Kutangochita mitambo masiku atatu, onse anali lende pachingwe. Ukakhudza pamwamba ouma, ukafinya pakati madzi chuchuchu. Usiku wachitatuwo tinadula pakati thaulo langa losambira n'kumuveka mwana.

N'chifukwa chake amayi ako sindiwatsutsa. Thewera lakale lija ndi nsalu imodzi yokha ya thonje, nthawi zambiri masentimita 60 mbali zonse. Ukalitambasula pachingwe mphepo imalipeza ponseponse, ndiye silichedwa kuuma. Ukamachapa pamanja umaona ndi maso kuti layera, chifukwa lilibe mkati mobisala litsiro. Ndipo limakula naye mwana, iwe umangosintha kapindidwe. Chovuta chake n'chakuti kupindako kumafuna kuphunzira, komanso palokha siliteteza zovala, limafuna kakabudula kosalowa madzi pamwamba. Ngati phini ukuiopa, pali kamphira kotchedwa Snappi, kooneka ngati chilembo cha T, kokhala ndi timano togwira nsalu. Ukakonda phiniyo, lowetsa zala ziwiri pakati pa thewera ndi mimba ya mwana pobaya, kuti ikaphonya ibaye iweyo.

Alamu akonso sakunama. Osokeratu aja amavekedwa ngati otaya, palibe chopinda. Pakati pa usiku, tulo tili m'maso, kapena ukasiyira mwana bambo ake, uwathokoza. Koma mwa amakonowa ine ndimakonda a thumba, chifukwa kansalu kam'kati umakasolola n'kukayanika pakokha.

Tsono pa kansaluko ndi pamene ambiri amapusitsika, poti amangoona maluwa a kunja. Funsa kuti kapangidwa ndi chiyani. Ka microfibre, nsalu ya ulusi wapulasitiki woonda kwambiri, kamamwa mkodzo msanga n'kuuma msanga, koma kali ngati siponji: mwana akakhalira, kamalavula zimene kanamwa. Komanso kasakhudze khungu la mwana, kamaliumitsa. Malo ake ndi m'thumbamo basi. Kopangidwa kuchokera ku nsungwi kamasunga mkodzo wambiri, n'kabwino usiku, koma pachingwe kamachedwa mpaka kukutopetsa. Thonje lili pakatikati, ndipo limapirira madzi otentha ndi kufikisa.

Usatengeke ndi mawu akuti thewera limodzi limakwana kuyambira kubadwa mpaka mwana atasiya matewera. Ambiri oterewa amayamba kukhala bwino mwana akafika makilogalamu 4 kapena kuposerapo. Khanda la makilogalamu 3 lili ndi tintchafu ngati timitengo, lasitiki sagwira, ndipo bibi wa mwana woyamwa ndi wamadzimadzi, amangodutsa pampatapo n'kukupeza pachitenje.

Ndikanakhala iwe ndikanagula opinda 24, owerengera kuchapa pakapita masiku awiri, ndi tikabudula tapamwamba 4 kapena 5. Tikabudulato sitichapidwa nthawi iliyonse, ngati sitinade umangotipukuta n'kutiyanika. A mabatani gula awiri kapena atatu okha, uyese mwana akanenepako. Ana amasiyana matupi, ndipo lomwe linakwana mwana wa alamu ako likhoza kumuthina wako. Poyesa, chala chako chimodzi chizilowa pakati pa lasitiki ndi ntchafu, osaposa apo. Masabata oyambirira, mchombo usanagwe, pindira thewera m'munsi kuti pamchombopo pazipita mphepo.

Ukagula, uwachape kangapo mwana asanabadwe. Thonje latsopano silimwa bwino madzi. Dontheza madzi pang'ono pansalupo: akalowa nthawi yomweyo ndiye kuti lakonzeka, akamayenderera pamwamba libwezere m'madzi.

Azakhali,
Mwana wathu ali ndi miyezi 5. Matewera ake ochapa ayamba kudontha, ndipo akangokodzera amanunkha moyabwa m'mphuno ngakhale ali ochapa kumene. Akazi anga amathira mankhwala ofewetsa zovala kuti azinunkhira, koma sizikuthandiza. Kodi atha ntchito?
Bambo wodandaula

Bambo,
Sanathe, musawataye. Mankhwala ofewetsawo ndiwo ndikuwakayikira. Amasiya kamafuta pa ulusi, ndiye mkodzo m'malo molowa umatsetsereka n'kutulukira kumwendo. Mafuta okhuthala opaka kumatako kwa mwana amachitanso chimodzimodzi, choncho mukapaka muziyala kansalu kopyapyala pakati pa khungu ndi thewera. Fungo loyabwalo ndi la mkodzo wakale umene sukuchoka pochapa.

Auzeni mayi asiye mankhwalawo, ndipo tsiku limodzi muwathandize ntchito iyi. Tsukuluzani kaye matewera onse m'madzi ozizira, kenako muwachape ndi sopo m'madzi otentha, pa makina ndi madigiri 60. Tsukuluzaninso mpaka thovu litatheratu, muyanike padzuwa, lomwe limafafanizanso madontho achikasu aja. Koma tikabudula tosalowa madzi ndi matewera a lasitiki musawawiritse kapena kuwasita, kapulasitiki kam'kati kamasweka ndipo kakasweka palibe chokonza.

Ngati mumanyika matewera m'ndowa, ikhale yovundikira komanso pamalo okwera. Mwanayu watsala pang'ono kukwawa, ndipo madzi ochepa chabe amatha kumiza mwana. Posachedwa ayambanso kudya zakudya zina, bibi asintha, ndiye muzikayamba mwakutumulira m'chimbudzi musanachape.

Muzimusintha pakapita maola awiri kapena atatu masana, ndipo akachita bibi, nthawi yomweyo. Khungu likafiira, musiyeni kanthawi wosavala kanthu agone pathaulo. Koma kufiirako kukalowa m'mikwinya ya ntchafu, kukatuluka tinsungu m'mbali, kapena pakatha masiku atatu osasintha, pitani naye kuchipatala akamuone.