Yankho: pulogalamu ya sikelo ikufa ndi Segmentation fault, gc.disable() ndi mankhwala?

Achimwene, ndawerenga funso lanu ndi ndemanga zonse. Kwa amene angofika kumene: pulogalamu ndi ya Python 3.11 pa Raspberry Pi, ikuyenda ndi asyncio (njira ya Python yoyendetsera ntchito zingapo mosinthana), ndipo imalandira kulemera kwa matumba a khofi kuchokera pa sikelo ya USB pa depoti ina ku Luwinga. Library ya sikeloyo ndi ya C, akuiitana ndi ctypes, chida cha Python choitanira code ya C. Imagwira maola anayi, asanu, nthawi zina tsiku lonse, kenaka n'kungofa ndi Segmentation fault (segfault, imfa ya pulogalamu ikakhudza memory yosaloledwa) popanda traceback yoonetsa mzere umene yafera. Wina wawalangiza gc.disable(), aika, ndipo chiyambire Lolemba sinafe. Akufunsa ngati aisiye choncho.

Musaisiye choncho. Garbage collector (GC), mbali ya Python yosesa zinthu zosafunikanso mu memory imene gc.disable() imazimitsa, sikulakwa pano. Ikuchotsa chinthu chimene Python ikuona kuti palibenso akuchifuna, pamene library ya C ikadasunga pointer yake, adiresi ya chinthucho mu memory, ndipo Python siwerenga ma pointer amene ali m'manja mwa C. Zili ngati munthu amene wasamuka m'nyumba ya lendi ku Chibavi koma kiyi sanabweze. Nyumbayo isanalowe wina, akhoza kutsegula n'kupeza zonse zili m'malo mwake. Tsiku limene walowa wina ndiye mlandu. Memory yomasulidwa imakhalabe ndi zinthu zakale mpaka itapatsidwa kwa chinthu china, n'chifukwa chake pulogalamu imapitirira ngati zonse zili bwino, kudzafa patapita nthawi pamalo osagwirizana n'komwe ndi pomwe cholakwika chinachitikira. Mukazimitsa GC ngoziyo imabisika, koma memory imangokwera, ndipo pa Pi ya 1GB kapena 2GB mudzangosinthanitsa imfa imodzi ndi ina.

Yambani mwatsimikiza mtundu wa imfayo. Pulogalamu ikangofa lembani echo $? pa terminal yomweyo. 139 ndi 128 kuphatikiza signal 11, imeneyo ndi segfault yeniyeni. 134 ndi abort, kawirikawiri C yadzigwira yokha ikumasula memory kawiri kapena yapeza heap itaonongeka. 137 ndiye kuti yaphedwa ndi signal 9, ndipo dmesg ikaonetsa Out of memory nkhani yake ndi ina. Ngati ikuyenda pansi pa systemd, journalctl imaonetsa status=11/SEGV.

Tsopano chimene ndikuchikayikira kwambiri. Malinga ndi code imene mwaika, muli ndi class yowerenga sikelo, ndipo mu __init__ mwalemba self.cb = CALLBACK(self.on_weight) kenaka mwapereka self.cb ku library. Apa munachita bwino kusunga callback, function imene library imaitana kulemera kukabwera, chifukwa ambiri amaipanga mkati mwa mzere woitana library, n'kufa nthawi yomweyo mzerewo ukatha. Koma taonani mkombero umene wapangika. Object yasunga cb, cb yasunga on_weight, on_weight yasunga object yomweyo. Sikelo ikaduka, code yanu yolumikizanso imapanga object yatsopano n'kutaya yakale. Yakaleyo singafe ndi reference count (chiwerengero cha amene akuigwira) chifukwa ikudzigwira yokha, imadikira GC yofufuza mikombero. Ndipo popeza yakhala nthawi yaitali, ili kale mu generation yachitatu, yakale kwambiri mwa magulu atatu amene GC imagawamo zinthu potengera msinkhu. Mu 3.11 generation yoyamba imasesedwa zinthu zatsopano zikaposa zofufutidwa ndi 700, yachiwiri pakatha maulendo 10 a yoyamba, koma yachitatu ili ndi lamulo lina loonjezera: imasesedwa pokhapokha zinthu zongolowamo kumene zikaposa gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene zinalimo kale. Pa pulogalamu yaing'ono ngati yanu zimenezi zikhoza kutenga maola. Nthawi yonseyi library ikadali ndi callback yakale, chifukwa palibe pamene mwaiuza kuti iisiye. GC ikadzasesa, thumba lotsatira likaikidwa pa sikelo, C imaitana malo opanda mwini.

Ndiye amene ananena mu ndemanga kuti vuto ndi magetsi sanaphonye kwenikweni. Magetsi akagwedezeka, kapena chaja ya Pi ikakhala yofooka, USB imaduka kwa kamphindi, ndipo kuduka kumeneko ndi kumene kumabala object yamasiye ija. Lembani dmesg -T muone mizere ya USB disconnect, muyerekeze ndi masiku amene pulogalamu inafa. Lembaninso vcgencmd get_throttled. Ikapanda kubwera 0x0, Pi yakhala ikuperewera magetsi kapena kutentha chiyatsireni. Chaja mukonze ndithu, koma pulogalamu siyenera kufa chifukwa choti chingwe chagwedezeka.

Musakhulupirire mawu anga musanaone ndi maso. Vuto lodikira maola asanu silikonzeka, liyenera kubwera m'masekondi. Chotsani gc.disable(), ndipo pangani task yaing'ono yoitana gc.collect() pakatha masekondi 0.1 aliwonse. Musadalire gc.set_threshold(1, 1, 1) yokha, chifukwa lamulo la gawo limodzi mwa anayi lija limagwirabe ntchito, pomwe gc.collect() yopanda nambala imasesa ma generation onse atatu. Yatsani pulogalamu ndi python3 -X dev. Mzere umodzi umenewu umayatsa zinthu zitatu zimene mukuzifuna: faulthandler yomwe imalemba traceback ya thread iliyonse (njira ya ntchito yoyenda payokha mkati mwa pulogalamu) pa nthawi ya segfault, debug mode ya asyncio, ndi zolondera memory. Zolonderazi zimadzaza memory ya Python yomasulidwa ndi 0xDD, yongoperekedwa kumene ndi 0xCD, ndipo m'mphepete mwa block iliyonse zimaikamo 0xFD. Kutanthauza kuti mwayi wopeza katundu wakale ali m'malo mwake watha, wosunga kiyi uja amagwidwa ulendo woyamba.

Mu __init__ onjezerani weakref.finalize(self, print, "yafa", id(self)). Samalani, musapereke self yeniyeniyo kapena method yake ku finalize, mukatero mwaisunga ndi moyo ndipo vuto libisala. Kenaka ikani thumba pa sikelo, zulani chingwe cha USB, werengani mpaka zisanu, bwezerani, chotsani thumba n'kuikanso. Mukaona "yafa" kenaka segfault ikutsatira pa kulemera kotsatira, mlandu watha. Bwerezani kakhumi, muone ngati ikufa kakhumi konse.

Ikakana kufa motere, tengani core dump, fayilo ya memory ya pulogalamu pa nthawi imene yafa. Lembani ulimit -c unlimited, kapena ikani systemd-coredump mugwiritse coredumpctl gdb. Mu gdb, chida chofufuzira core dumpyo, lembani thread apply all bt, osati bt yokha, chifukwa imene yafa nthawi zambiri si thread ya event loop, yoyendetsa ma task a asyncio, koma ya library. Mukaika python3-dbg mupezanso py-bt yoonetsa mizere ya Python. Zizindikiro zake: frame yoyamba yopanda dzina, zizindikiro za funso ziwiri zokha (??), kapena closure_fcn ya ctypes ndi mayina oyamba ndi ffi_closure pafupi ndi pamwamba, kapena register yodzadza ndi dddddddd mukalemba info registers. Mukapeza kuti yafera mkati mwa GC mwenimweni, musafulumire kunena kuti Python ili ndi bug. GC imayendera object iliyonse imene ikulondola, ndiye ndi imene imayamba kuponda pamene wina anaononga kale. Zikatero pitani ku valgrind, chida chofufuzira zolakwika za memory, ndi PYTHONMALLOC=malloc patsogolo kuti aone malloc iliyonse payokha. Amachedwetsa pulogalamu ka 10 mpaka ka 50, ndiye ngati library ili ndi mtundu wa x86 yesani pa laputopu. Ubwino wake amakupatsani malo atatu: pamene memory inawerengedwa molakwika, pamene inamasulidwa, ndi pamene inapangidwa. Malo achiwiriwo ndi amene stack trace wamba sangakuonetseni pa pulogalamu ya ma event, chifukwa wolembetsa callback anabwerera kalekale.

Kakonzedwe kamene ndimakakhulupirira ndi aka. Musapange callback ya C pa object iliyonse. Pangani imodzi yokha pamwamba pa module, ikhale moyo mpaka pulogalamu itatha. Ma library ambiri otere amalola kupereka user_data polembetsa. Pamenepo musaikepo object ya Python kapena id yake, ikani nambala wamba yochokera ku itertools.count, kuyambira 1 chifukwa 0 imabwera ngati None mu c_void_p. Sungani dict ya nambala ndi object yake. Callback ikaitanidwa imayang'ana nambala mu dict, ikapanda kuipeza imangobwerera. Motero ngakhale library itaitana mochedwa ndi nambala yakale, palibe chimene chingaphulike. Ngati library ilibe user_data ndipo sikelo ndi imodzi, variable imodzi ya pa module yosunga object yapano ikwanira.

Potseka, ndondomeko ndi yofunika kuposa china chilichonse. Uzani library isiye kutumiza, itanani close yake imene imadikira thread ithe, kenaka chotsani nambala mu dict, pomaliza tayani object. Lembani zimenezi mu method yanuyanu ya close n'kuiitana mu finally kapena async with, ndipo code yolumikizanso iziyiitana isanapange object yatsopano. Musaziike mu __del__. GC imathamanga mu thread iliyonse imene yapanga object pa nthawiyo, kuphatikizapo thread ya library ili mkati mwa callback, ndipo thread ikauzidwa kudikira kutha kwa iyo yomwe pulogalamu imauma. Pachifukwa chomwecho musaitane close muli mu callback. Ngati close imachedwa, idutsitseni mu asyncio.to_thread kuti loop isaime.

Mukadali pomwepo, on_weight yanu ili ndi zina ziwiri zoti mukonze. Ikuitana queue.put_nowait ya asyncio mwachindunji, koma ikuyenda mu thread ya library. Zinthu za asyncio sizigwiridwa kuchokera ku thread ina. Njira yake ndi loop.call_soon_threadsafe, ndipo loop muitenge ndi get_running_loop pa nthawi yolembetsa, osati mkati mwa callback. Chachiwiri, mukuika pointer ya data mu queue kuti mudzaiwerenge pambuyo pake. Buffer imeneyo ndi ya library, callback ikangobwerera ikhoza kulembedwanso kapena kumasulidwa. Koperani nthawi yomweyo ndi ctypes.string_at, popereka pointer ndi kutalika kwake, mu queue mupite ma bytes. Ichi chimandidetsa nkhawa kuposa segfault, chifukwa sichipha pulogalamu, chimangolemba kulemera kwa thumba la mlimi wina pa dzina la wina. Mbali inayonso ndi chimodzimodzi: create_string_buffer iliyonse imene mwapatsa C kuti idzadzazemo pambuyo pake iyenera kusungidwa mpaka C itanena kuti yamaliza.

Onaninso argtypes ndi restype za function iliyonse. Mukapanda kulemba restype, ctypes imatenga kuti yankho ndi int ya ma bit 32. Pa Pi OS ya 64-bit handle ya sikelo imadulidwa theka, ndipo imfa yake imafanana kwambiri ndi ya GC. Handle ikhale c_void_p potuluka ndi polowa pomwe. uname -m ikalemba aarch64, lembaninso getconf LONG_BIT kuti mudziwe ngati dongosolo lonse ndi la 64, chifukwa kernel ikhoza kukhala ya 64 pamene mapulogalamu ndi a 32.

Za uthenga wa Task was destroyed but it is pending umene mwati mumauona mwa apo ndi apo, ndi mbale wake wa vuto lomweli koma wa mkati mwa Python. Event loop imasunga ma task ndi weak reference yokha, ndiye create_task yosasungidwa paliponse ikhoza kusesedwa ili pakati pa ntchito. Ikani task iliyonse mu set, ndi add_done_callback ya discard ya set yomweyo, kapena gwiritsani TaskGroup imene ili kale mu 3.11. Izi sizibweretsa segfault, koma ngati task yotayikayo ndi imene imalemba mu database, matumba ena sakulembedwa.

Mukamaliza kukonza, siyani gc.collect() ya masekondi 0.1 ija ndi -X dev zili choyatsa, zulani ndi kubwezera chingwe ka 50, kwina thumba lili pa sikelo, kwina mukuliika kumene. Mzere wa "yafa" uzibwera kamodzi pa kuzula kulikonse, nthawi zonse pambuyo pa close, ndipo memory imene pulogalamu ikugwiritsa (RES mu top) isamakwere. Ikafabe, ikani kuno zotuluka za thread apply all bt ndi header ya library ija, makamaka mizere ya function yolembetsa callback ndi yotseka, tione ngati close yawo imadikiradi thread.