Kugula nyumba popanda riba (chiwongola dzanja) ku Britain: zikavuta mudzathawira kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mlongo wathu wa ku Mangochi amene ndi namwino ku Leicester. Akuti: "Ndikufuna nyumba popanda riba, koma andiuza kuti pamapepala padzakhala dzina la banki mpaka nditamaliza kulipira. Nanga zikadzavuta, adzandimvera ndani?"

Achemwali, nkhawa yanuyo ndi yomveka. M'mgwirizano wa Chisilamu wofala kumeneko, wotchedwa musharaka, inu ndi banki mumagula nyumbayo limodzi. Mwezi uliwonse mumapereka lendi pa gawo la banki, n'kumagulako gawolo pang'onopang'ono mpaka yonse idzakhale yanu. Kale msonkho wogulira nyumba unkakudyani kawiri, poti nyumba inkasintha manja kawiri, koma boma linachotsa zimenezo mu 2003.

Kuyambira mu Epulo 2007, mgwirizano wotere, umene lamulo limautcha Home Purchase Plan, uli m'manja mwa bungwe loyang'anira zachuma, lomwe lero ndi FCA. Banki iyenera kuona kaye ngati mungakwanitse kulipira, ikupatseni zonse zolembedwa musanasaine, ndipo mukatsalira m'mbuyo ikambirane nanu. Kulanda nyumba kumabwera njira zina zonse zikalephera. Ikakulakwirani, dandaulani kwa iyo yomweyo. Ili ndi masabata 8 oti iyankhe. Yankho likapanda kukukhutiritsani, pitani kwa Financial Ombudsman Service, ofesi yomva madandaulo a zachuma, miyezi 6 isanathe chilandirireni yankholo. Simulipira kalikonse.

Koma pali malire, ndipo apa m'pamene ndikufuna mutchere khutu. Chitetezochi n'cha nyumba yokhalamo inu kapena wachibale wanu wapafupi. Mukagula yoti muikemo alendi, nthawi zambiri mumakhala kunja kwa mpanda. Chachiwiri, FCA siweruza ngati mgwirizano uli halal. Imeneyo ndi ntchito ya mashehe a banki yomweyo, ndiye funsani mayina awo, muwerenge chigamulo chawo, mupite nacho kwa shehe amene inu mumam'khulupirira. Zimandipweteka kuona abale athu akusaina chifukwa choti aona mawu a Chiarabu pachikuto.

Tsono za dzina lija. Lamulo limauza banki kuti iteteze gawo lanu ngakhale itagwa kapena itagulitsa mgwirizanowo kwa ena, koma amene amaonetsetsa kuti ufulu wanu walembedwa ku Land Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa eni malo ndi nyumba, ndi loya wanu. Pezani wodziwa mapangano amenewa, wanuwanu, ndipo mum'funse maso ndi maso: banki ikatseka mawa, gawo langa lalembedwa pati? Mum'funsenso kuti lendi imaunikidwanso liti, chifukwa imatha kukwera.

Ndipo musanatulutse ngakhale paundi imodzi, fufuzani dzina la kampaniyo pakaundula wa FCA pa intaneti. Ena amasonkhetsa ndalama m'magulu a WhatsApp m'dzina la chipembedzo. Amenewo akakudyerani, Ombudsman sadzatha kukuthandizani.