Ndaika mthunzi pa TextBox, zilembo zayamba kuoneka mbuu

Mnzathu wina wanditumizira imelo, akuti akupanga kapulogalamu ka pa kompyuta ndi WPF (chida cha Microsoft chopangira maonekedwe a mapulogalamu a Windows), waika DropShadowEffect, yomwe imaika mthunzi, pa TextBox, bokosi lolembamo mawu, kuti bokosilo lizioneka ngati latukuka pang'ono. Mthunzi wabweradi, koma zilembo zomwe munthu akutaipa mkatimo zasiya kuoneka bwino. Akufunsa kuti walakwitsa pati. Yankho langa nali.

Amwene, khodi yanuyo ilibe vuto kwenikweni, nkhani ndi malo omwe mwaika mthunziwo. Mukaika Effect, ngati mthunzi umenewu, pa chinthu chilichonse, WPF imayamba yajambula chinthucho pamodzi ndi zonse zamkati mwake pambali, kenako nkuwonjezerapo mthunzi, ndiye pamenepo ClearType imazima, ija imapangitsa zilembo kuoneka zakuthwa pa Windows. Nchifukwa chake mawu anu afooka chonchi.

Chitani izi. Tengani Grid (chimango choikamo zinthu zina), muikemo Border (kabokosi kokhala ndi mzere m'mbali) poyamba, mthunzi mupereke kwa Border ameneyu, kenako TextBox ibwere pamwamba pake mu Grid yomweyo. Chonde musailowetse TextBox mkati mwa Border, ambiri amagwa pomwepa, chifukwa ikakhala mkati Effect ija imaigwirabe basi ndipo mbuu uja abwereranso. Border muipatsenso Background, kaya yoyera, apo ayi mthunzi ungotsatira kamzere ka m'mbali kokha.

Manambala omwe DropShadowEffect imabwera nawo ine sandisangalatsa ngakhale pang'ono: ShadowDepth (kutalikira kwa mthunzi) 5, BlurRadius (kumwazika kwake) 5, Direction (mbali yomwe ukugwera, mu madigiri) 315, mtundu wakuda bii ndi Opacity (mphamvu ya mtunduwo) 1. Pa kabokosi kolembamo ndi wolemera kwambiri umenewo. Yesani ShadowDepth 2, BlurRadius 8, Opacity 0.25, Direction 270 kuti ugwere pansi chabe. Siyaninso Margin (mpata wa m'mbali) pang'ono kuti usadulidwe m'mphepete.

Mukapeza maphunziro akale pa intaneti akunena za DropShadowBitmapEffect, adutseni. Imeneyo inkalemetsa CPU, ndipo DropShadowEffect yomwe inabwera ndi .NET 3.5 SP1 mu 2008 imagwiritsa ntchito khadi ya zithunzi.

Komanso ngati fomu yanu ili ndi mabokosi ambirimbiri, musawaike mthunzi onse, pa makompyuta ofooka zimakoka ndipo maso a munthu sadziwa poyang'ana. Ine ndimakonda kuika Trigger (lamulo losintha maonekedwe china chake chikachitika) pa IsKeyboardFocusWithin ya Grid ija, yomwe imanena ngati kiyibodi ikulemba mkatimo, mthunzi uzioneka pa bokosi lomwe munthu akulembamo nthawi imeneyo, akadina Tab usamukire pa lotsatira.