Yankho kwa amene afunsa za wotchi ya mbalame zoyenda

Achimwene, mwafunsa ngati wotchi ija mwaiona pa kanema, ya mbalame zodyetsa ana pachisa, ili ndi batire, komanso chimene chimaikweza mtengo chotere. Batire mulibe. Mmene mwaifotokozeramo, imeneyo ndi Bird Repeater ya Jaquet Droz ya ku La Chaux-de-Fonds, ku Switzerland, yomwe inatuluka mu 2012. Mbalame imodzi imaweramira mwana, inayo imatambasula phiko, dzira limasweka pakati pa chisa, kumbuyo madzi a mathithi akuoneka ngati akutsika.

Zonsezi zimayenda ndi sipuling'i. Pali yaikulu yoyendetsa nthawi, ndi ina yaing'ono ya belu ndi tizidole. Mukakankha kachitsulo ka m'mbali mwa wotchi mumakunga yaing'onoyo. Ikamamasuka imazungulitsa timbale tachitsulo totchedwa cam, tosemedwa m'mphepete mokwera ndi motsika. Kamkono kotsamira m'mphepetemo kamatsata msemedwewo, ndipo ndi komwe kamaweramitsa mutu wa mbalame. Wosema akaphonya pang'ono chabe, mlomo sufika pakamwa pa mwana. Palinso kachipangizo kozungulira kochepetsa liwiro, apo ayi zonse zikanatha m'kuphethira kwa diso. Pa nthawi yomweyo tinyundo tiwiri timamenya belu kulengeza nthawi: mawu otsika pa maola, mawu awiri pa kota iliyonse ya ola, mawu okwera pa mphindi zopitirira kota yomaliza. Pa 12:59 mumamva kugunda 32.

Luso limeneli n'lakale. Pakati pa 1768 ndi 1774, Pierre Jaquet-Droz, mwana wake Henri-Louis ndi Jean-Frédéric Leschot anapanga chidole cha kamnyamata kolemba ndi nthenga mawu ofika zilembo 40, pogwiritsa ntchito ma cam omwewa. Chili ku Neuchâtel ndipo chikulembabe.

Koma ndalama zambiri zimatheranso pankhope ya wotchi, ndipo apa m'pomwe ambiri sadziwa. Wotchi zambiri za gulu ili, monga Pont des Amoureux ya Van Cleef & Arpels ya 2010, imene mwamuna ndi mkazi amakumana pa mlatho nthawi ikakwana 12, zili ndi nkhope ya enamel. Umenewu si utoto ayi, ndi galasi. Amalipera kukhala ufa, n'kulitsuka ndi madzi, n'kulipaka ndi kaburashi pa kambale ka golide kapena mkuwa, kenako m'ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 800. Amabwereza kangapo, chifukwa mitundu siipsa pa moto wofanana: yolimba imayamba, yosachedwa kupserera imabwera pomaliza. Kumbuyo kwa kambaleko amapakanso enamel, chifukwa chitsulo ndi galasi sizizizira mofanana, ndipo mbali imodzi yokha ikapakidwa kambale kamapindika. Kafumbi kamodzi kapena kathovu ka mpweya pa moto womaliza, ntchito ya masabata imatayidwa. Pa njira ya cloisonné amayamba ndi kupinda tiwaya tagolide topyapyala kupanga malire a chithunzi, kenako n'kudzaza mitundu m'tizipindamo.

Zowonongeka zambiri zimachokera m'manja mwa mwini wake. Musasinthe nthawi belu likulira, chifukwa timikono towerenga maola timakhala titatsamira pa zitsulo zolumikizana ndi mivi, ndiye mukazungulitsa mumapinda kapena kuthyola. Kachitsulo ka m'mbali kankhani mpaka kumapeto, kamodzi, ndipo dikirani tizidole tiime musanabwereze. Pa mpata wa kachitsuloka m'pomwe chinyezi ndi fumbi zimalowera, choncho wotchi yotere sisambidwa nayo, ngakhale mvula ipeweni. Ikagwa pa simenti enamel imang'aluka timizere tating'ono, ndipo kukonza kwake nthawi zambiri n'kusintha nkhope yonse. Isakhale pafupi ndi sipika kapena maginito a pachikwama cha foni, chifukwa kasipuling'i kowonda ngati tsitsi, kowongolera liwiro la wotchi, kamamatana, wotchi n'kumathamanga.

Mafuta a mkati amauma ngakhale ikungokhala m'bokosi, ndiye pakatha zaka 3 mpaka 5 imafunika kuphwasulidwa, kutsukidwa ndi kuthiridwa ena. Ntchitoyi ibwezeni kwa opanga, osati kwa wosintha mabatire. Ndipo wina akakutsatsani yotchipa, funsani makalata ake ndi nambala yolembedwa kumbuyo, kenako muyang'ane muvi wa masekondi ngati ulipo. Ukamadumpha kamodzi pa sekondi, pafupifupi nthawi zonse mkatimo muli batire.