Musanalize Hilux ija, musanaode sipeya

Achimwene, mwafunsa za Hilux ya dizilo yomwe yakhala pamiyala zaka 6, kuti sipeya wake timaoda bwanji kunja ndipo ingayendere geni yodutsa malire. Choyamba, musaikemo batire n'kuyamba kuliza. Oyilo anatsikira pansi kalekale, mapisitoni ndi ouma, mwina agwira dzimbiri.

Masulani mahita (mapulagi otenthetsa injini polizira) onse anayi, mudonthezere oyilo pang'ono m'bowo lililonse, musiye masiku awiri. Kenako zungulitsani injini ndi sipanala papule ya kutsogolo. Ikazungulira kawiri osakakamira, ndiye poyambira kuwononga ndalama. Ikakana, musakakamize, makaniko atsegule hedi aone.

Injini za Hilux zotchedwa 2L, 3L ndi 5L zimayendera lamba wa taimingi. Lambayo amauma ngakhale galimoto ili chiimire, ndipo akaduka mapisitoni amamenya mavavu. Musinthe pamodzi ndi tenshonala yake (kagudumu kokungira lambayo), ngakhale akuoneka bwino.  Dizilo wakale mukhutule yense, pansi pa thanki pamakhala madzi ndi matope zomwe zimapha pampu. Ikani fyuluta ya dizilo yatsopano, mupope ndi dzanja pamutu pake mpaka thovu lithe. Oyilo wa mu injini amalowa malita pafupifupi 6. Marabala a mabuleki, mapaipi a ladiyeta ndi mawaya odyedwa ndi makoswe muziyembekezere. Kilatchi nayo imamatirira ku flywheel (chigudumu chachitsulo cha kumbuyo kwa injini).

Tsopano za kuoda. Lembani nambala ya chasisi ndi ya injini musananyamuke, pakuti ogulitsa ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam amafunsa zimenezo. Kungoti "Hilux yakale" mubwera ndi sipeya wosalowa, ndipo kubweza kulibe. Chitsulo chakalecho chinyamuleni mukayerekeze. Mafyuluta ndi mabawuti gulani konkuno ku Limbe kapena ku Lilongwe. Kunja n'kokatenga zodula monga pampu, mainjekita ndi hedi. Lamba ndi marabala musagule akaunjika.

Malisiti sungani, pachipata muonetse katundu yense kwa a MRA, ndipo ndalama ya msonkho ikhale padera musanayambe kugula. Ambiri amathera ndalama m'sitolo, katundu n'kutsala pa Mwanza kapena pa Songwe. Ndondomeko ya COMESA yothandiza amalonda ang'onoang'ono musaidalire apa, imakhudza katundu wopangidwa m'maiko athu omwe, osati sipeya wa ku Japan.

Galimotoyo kuti idutse malire pafunika bluu buku, COF, inshulansi ndi chilolezo cholowetsera galimoto kwakanthawi chomwe mumatenga pachipata cha dziko mukulowalo. Ngati bukulo lili m'dzina la malemu, sinthani kaye ku Road Traffic. Yellow Card, inshulansi ya COMESA ya galimoto zodutsa malire, imagwira ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, koma ku Mozambique ayi, mumagula inshulansi ina pa Zobue. Matayala onani manambala anayi a pambali, awiri omaliza ndi chaka chomwe tayala linapangidwa. Tayala lokalamba limaphulika m'kutentha kwa ku Tete ngakhale mano ali onse, choncho yambani ndi maulendo aafupi ngati Mchinji mpaka Chipata kwa mwezi wathunthu.