Tikuyankheni: Anadinda chala atamenyedwa, kodi basi zatha?

FUNSO: Zikomo a Mlangizi. Ndine mayi wa ku Bembeke, ndimagulitsa mbatata ya kachewere pamsewu. Mlongo wanga wa zaka 23 amulamula kukhala kundende zaka 5 pa mlandu wothyola golosale. Usiku umenewo iye anagona kudimba kulondera mbatata, poti akuba atisautsa chaka chino. Atamugwira anakhala m'chitokosi masiku anayi. Nditamupititsira nsima ndinamupeza akulephera kuponda pansi, mapazi atatupa, ndipo mbale anailandira manja akunjenjemera. Anandinong'oneza kuti amumenya kumapazi ndi chikwanje chafulati, kenako anamupatsa pepala lolembalemba m'Chingerezi, amvekere ukadinda chala upita kwanu. Anadinda. Kukhothi mlandu anaukana, koma pepala lija linawerengedwa ndipo anapezeka wolakwa. Katundu wa m'golosalemo sanamupeze naye ngakhale sopo mmodzi. Abale ena akuti wovomera yekha sathandizika. Kodi zatheradi? Mayi wosweka mtima, Dedza.

YANKHO: Pepani mayi. Sizinathe ayi, koma musakhale pansi, chifukwa nkhani ya apilo imayendera masiku.

Ndiyambe ndi abale anuwo. Chili kwa mnzako umati chigwire nyanga. Munthu amene sanagonepo pasimenti ya m'chitokosi amalumbira kuti iye sangavomere chomwe sanachite. Koma munthu akamenyedwa, osagona, osadya, saganiza za zaka 5 zakutsogolo. Amaganiza zoti ululu uleke lero, poyembekeza kuti kukhothi akafotokoza ndipo akamveka. Sikuti n'za kuno kokha. Mu 1989 ku New York m'dziko la America anyamata asanu a zaka 14 mpaka 16 anavomera kuti anachita nawo chiwembu chogwirira mayi wina m'paki ya Central Park, atapanikizidwa ndi mafunso kwa maola ambiri. Anakhala kundende zaka, ndipo mlandu unawachoka mu 2002 pamene mwini mlandu anaulula yekha, zoyeza za DNA n'kutsimikiza kuti analidi iyeyo. Kuno kwathu simunaiwale za Buleya Lule, yemwe anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019 akumufunsa za kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa kwanu komweko ku Dedza. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti anazunzidwa, mpaka ndi magetsi.

Malamulo aakulu a dziko lino amanena mosabisa. Gawo 19 limaletsa kuzunza munthu. Gawo 42 limati womangidwa auzidwe m'chiyankhulo chomwe amamva kuti ali ndi ufulu wokhala chete, asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo akaonekere kukhothi pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku lomwe khothi siligwira ntchito. Ndiye masiku anayi aja muwawerenge bwino, kuyambira tsiku lomwe anamugwira.

Nanga pepalalo analilandira bwanji? Apa ndi pomwe ine pamandiwawa. Gawo 176 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu, lotchedwa Criminal Procedure and Evidence Code, limalola kuti sitetimenti yovomera ilandiridwe ngati umboni ngakhale mwini wake akunena kuti anamukakamiza. Kwa ine lamulo limeneli limalimbitsa mtima wapolisi waulesi, poti kumenya n'kwapafupi kusiyana ndi kufufuza. Komabe gawo lomwelo lili ndi mchira womwe ungamupulumutse mlongo wanu. Limati khothi lisadalire sitetimentiyo pokhapokha litakhutira popanda chikaiko kuti woimbidwa mlanduyo ndiye anaipereka, ndiponso kuti zomwe zalembedwamo n'zoona. Ndiye pamayenera kuoneka china kunja kwa pepalalo chogwirizana nalo, kaya katundu wopezeka pomwe iye analoza, kaya mboni yomwe inamuona. Inu mukuti ngakhale sopo sanapezeke. Loya akagwira pamenepo. Akafunsanso kuti munthu wosamva Chingerezi anamuwerengera ndani zomwe ankadindazo.

Mwayi wina ndi woti kukhothi anaukana mlandu. Akanavomera pamaso pa majisitireti, apilo ikanakhala yovuta kwambiri.

Chigamulo cha majisitireti amakachitira apilo kubwalo lalikulu la High Court, ndipo kwa inu a ku Dedza ndi ku Lilongwe. Lamulo limafuna kuti chidziwitso chofuna kuchita apilo chilembedwe m'masiku 10 chigamulo chitaperekedwa. Ngati masikuwo adutsa musataye mtima, bwalolo limatha kulolabe pakakhala chifukwa chomveka. Ndalama za kachewere sizingakwanire loya wolipira, ndikudziwa, choncho pitani ku Legal Aid Bureau, komwe boma limathandiza osowa. Mlongo wanunso afunse kundendeko za maparaligo a bungwe la PASI, omwe amayendera akaidi n'kuwathandiza kulemba mapepala otere. Musapite chimanjamanja. Tengani nambala ya mlandu ndi tsiku la chigamulo, komanso mayina a anzake a kumadimba omwe anamuona kapena kuotha naye moto usiku umenewo. Ngati anapitako kuchipatala ndi mapazi aja, buku lake la kuchipatala mulisunge ngati ndalama. Inunso ndinu mboni, munaona ndi maso, ndiye lembani tsiku lomwe munapititsa nsima lija musanaiwale.

Za kumenyedwako ndi dandaulo lapadera. Mungakalitule ku Independent Complaints Commission, yomwe imafufuza madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission. Koma apilo itsogole, poti ndiyo ingamutulutse.

Mukapita kukamuzonda sabata ino, mumufunse chinthu chimodzi: kodi za kumenyedwazo anamuuza majisitireti? Ngati anamuuza, ziyenera kukhala m'fayilo, ndipo loya akazipeza. Mundilemberenso zomwe akayankhe.